Cigamba Si Ca Manyazi

Munthu wofika m'mamawa pa msika wa Soweto mu Lusaka, kapena pa msika wa Kapata ku Chipata, aona zimene zicitika pomasula belo la salaula. Wamalonda adula zingwe, zobvala zikhuthukira pa thandala, ndipo ogula aunjikana, yense natambasula dzanja kuti ayambe ndiye kugwira cokongola. Pofika madzulo zokoma m'maso zonse zapita. Zotsala ndizo zazikulu kopitirira muyeso, zong'ambika pa kolala, ndi zina zothimbirira pang'ono, zimene mwini wace azitsitsa mtengo kuti zingocoka.

Pa khonde la sitolo, pafupi pomwepo, pakhala telala ndi makina ace. Pansi pa makinawo pali mulu wina, wa tizidutswa ta nsalu totsala podula madiresi ndi mayunifomu. Dzuwa likapendeka telala asesa tizidutswato nakatitentha, kapena nakatitaya m'ngalande.

Anthu ambiri ayesa miulu iwiriyi zinyalala, koma kuganiza kotero nkulakwa. Kwa munthu wodziwa kugwira singano, miulu imeneyi ndi nsalu yabwino yopezeka pa mtengo wocepa, mwinanso kwaulere. Cifukwa cace mwana ali yense wa sukulu, mnyamata ndi mtsikana yemwe, ayenera kuphunzira kusoka, kuika cigamba, ndi kusandutsa nsalu yakale kuti ikhale cinthu catsopano. Ndipo asacite nazo manyazi konse.

Makolo akale ndi nsalu

Makolo akale sanadziwe kutaya nsalu, popeza anaipeza ndi thukuta. Pofuna cobvala, munthu analowa m'thengo nasenda khungwa la mtengo wa mombo, nalibviika m'madzi, nalimenyamenya pa cipika kufikira litafewa ndi kutambasuka. Imeneyo ndiyo nyanda. Ena anafufuta zikopa za nyama. Enanso anadziwa kulima thonje. Ndipo David Livingstone, poyenda m'cigwa ca Shire m'caka ca 1859, anapeza Amang'anja alikupota ulusi ndi kuomba nsalu ndi manja ao. Pambuyo pace amalonda ocokera ku nyanja yaikulu anadza ndi nsalu yoyera yochedwa merikani, imene anthu anaigula mkwambamkwamba ndi minyanga ya njobvu. M'masiku a atsamunda amuna anayenda maulendo atali kukagwira nchito ku migodi ya ku Kitwe, ku Hwange ndi ku Johannesburg, ndipo cuma cimene anabwera naco kumudzi kawirikawiri cinali bokosi la zobvala.

Nsalu yopezeka mobvutikira cotero inagwira nchito kufikira kutha kwace. Citenje ca mai cinayamba ndi kupita ku chalichi ndi ku ukwati. Citasuluka cinakhala ca pakhomo ndi ca kumunda. Pambuyo pace cinabereka mwana, kenaka cinang'ambidwa matewera, ndipo potsiriza cinapindidwa nkhata yosenzera mtsuko wa madzi. Palibe amene anaseka mai wotereyo. Onse anamuyesa mkazi wodziwa kusunga banja.

Kumene salaula icokera

Liu lakuti salaula ndi la Cibemba, ndipo tanthauzo lace ndilo kusankha pa mulu. Ku Malawi zobvala zomwezi azicha kaunjika. Zambiri zicokera ku Ulaya ndi ku Amereka, kumene anthu apereka zobvala zimene atopa nazo kwa mabungwe othandiza osauka. Mabungwewo alandira zoculuka kuposa zimene angathe kugawa kapena kugulitsa kwao, cotero zotsalazo azigulitsa kwa makampani amene azisankhula, nazipanikiza m'mabelo olemera ngati makilogalamu 45. Mabelowo aoloka nyanja pa zombo kufika ku madoko monga Dar es Salaam, Beira ndi Durban, ndipo kucokera kumeneko abwera m'Zambia pa malole. Malonda amenewa anakula kwambiri cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nakulirakulira pambuyo pa caka ca 1991, pamene boma linamasula malamulo a katundu wocokera kunja.

Salaula yabveka anthu osawerengeka amene sakadatha kugula zobvala za m'sitolo, ndipo pa ici iyenera kuyamikidwa. Komatu yabwera ndi cizolowezi coipa. Popeza cobvala cipezeka msanga, citayidwanso msanga. Batani likaduka, malaya aponyedwa pa ngodya. Kabudula akang'ambika pang'ono, mwana alirira wina. M'nyumba zambiri mulibe ngakhale singano imodzi.

Ndalama za banja

Kuyambira mwezi wa January 2022 ana a m'masukulu a boma m'Zambia salipira ndalama za sukulu. Cimeneci ndi cinthu cacikulu, koma sicinacotse mtolo wonse pa mapewa a makolo. Yunifomu, nsapato, cikwama ca mabuku ndi cofunda ca m'nyengo yozizira zifuna ndalama ndithu, ndipo mlimi alandira ndalama zace kamodzi pa caka, atagulitsa zokolola. Pali ana ena amene akhala kunyumba masiku angapo cifukwa yunifomu yang'ambika pamalo pocititsa manyazi, ndipo masiku amenewo maphunziro awapitirira.

Fanizo ndi ili. Anyamata awiri ang'amba makabudula ao tsiku limodzi pokwera mtengo wa mango. Woyamba abisa cibowoco nanena, "Ndidzakonza mawa." Pakutha sabata cibowo cafika m'ciuno, ndipo amace akakongola ndalama kwa mnansi kuti agule wina. Waciwiri afika kunyumba, atenga singano ndi kacidutswa ka nsalu, nasoka dzuwa lisanalowe. Kabudula yemweyo amfikitsa kumapeto kwa caka, nabvalidwanso ndi mng'ono wace. Akulu anati, zengerezu analinda kwaukwau. Wa nzeru mwa awiriwa adziwika popanda kufunsa.

Kusankha ndi kukonza nsalu

Wogula salaula kuti akasoke cinthu cina asayang'ane maonekedwe a cobvalaco, koma ayang'ane nsalu yace. Diresi lalikulu limene palibe wolifuna liri ndi nsalu yokwanira masiketi awiri a mwana. Malaya a mwamuna wamkulu otha pa kolala akali olimba kumsana ndi kutsogolo, ndipo aturutsa malaya a mnyamata wamng'ono. Mwendo umodzi wa buluku wa jinzi, utadulidwa ndi kusokedwa kunsi, usanduka cikwama ca mabuku cosang'ambika msanga. Makatani ndi nsalu zoyala pa kama ziposa zonse, cifukwa ziri zotambalala ndi zopanda misoko yambiri.

Nsalu iyesedwa poikweza kudzuwa: pamene kuwala kupyola kwambiri, pamenepo yatha mphamvu. Iyesedwanso poikoka pang'ono ndi manja awiri. M'kati mwa cobvala mukhala kansalu kolembedwa, kamene kanena ngati ciri ca thonje kapena ca poliyesitala. Kansaluko kakasowa, munthu wamkulu angathe kuyesa potentha kaulusi kamodzi. Thonje liyaka ngati pepala nilisiya phulusa lofewa, koma poliyesitala, imene ipangidwa kucokera ku mafuta a pansi pa nthaka, isungunuka nisiya kambulu kolimba. Cifukwa ca ici poliyesitala siiyenera kukhala cogwirira mphika wa pamoto, kapena cobvala ca khanda lokhala pafupi ndi mbaula, pakuti ikasungunuka imamatira pa khungu.

Nsalu iri yonse yocokera pa mulu iyambe yacapidwa ndi sopo ndi madzi otentha, iyanikidwe pa cingwe padzuwa, ndi kusitidwa mbali zonse ziwiri. Nsimbi yotentha ipha nsabwe ndi mazira ace. Iphanso mazira a nchenche ija imene iikira pa zobvala zoyanikidwa pansi, amene aswa mphutsi zolowa m'khungu ndi kutupitsa ngati cithupsa. Zobvala za m'kati zokha nzosayenera kugula pa salaula.

Pambuyo pace misoko imasulidwe mosamala, osang'amba ai. Mabatani, mazipi ndi malamba zisungidwe m'kacitini, cifukwa tsiku lace lidzafika.

Nchito ya singano

Zipangizo zofunika nzocepa: singano, ulusi, sizasi, ndi kacidutswa ka coko kolembera podula. Makina osokera athandiza kufulumira, koma anthu anasoka zaka zikwi zambiri makinawo asanaoneke. A Singer, amene apezeka pa makonde ambiri a masitolo, anayamba kupangidwa m'caka ca 1851.

Kuika cigamba kuli ndi malamulo ace. Cigamba cifanane ndi cobvala mtundu ndi kulemera kwace. Cikhale cocapidwa kale, pakuti nsalu ya thonje yatsopano ifupika ikalowa m'madzi koyamba, ndipo pofupikapo ikoka nsalu yakaleyo niing'amba koposa. Cidulidwe cacikulu kuposa cibowo ndi masentimita 2 mbali zonse, ulusi wace ulunjike kumene ulunjika ulusi wa cobvalaco, m'mphepete mwace mupindidwe, ndipo cisokedwe ndi misoko yaing'ono yoyandikana. Cigamba coikidwa motere sicioneka patali, ndipo cikhalitsa.

Tizidutswa ta kwa telala tiri ndi nchito yacenso. Mwana wofuna cofunda adule tizidutswa ta mbali zinai zofanana, masentimita 12 m'litali ndi 12 m'lifupi. Msoko udya sentimita imodzi mbali iri yonse, cotero kacidutswa kali konse katsala masentimita 10. Cofunda ca mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi ndi theka m'litali cifuna mizere 15 ya tizidutswa 10, ndiko kuti tizidutswa 150. Ciwerengero cimeneci cimveka cacikulu, koma wolumikiza tizidutswa 5 pa tsiku atsiriza m'masiku 30. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Kunsi kwace kukaikidwa bulangeti lakale, mwanayo sadzamvanso mphepo ya mwezi wa June.

Timizere topyapyala tosatheka kusoka sititayidwa ai. Tilowetsedwa m'mabowo a thumba la ufa lopanda kanthu, kamodzikamodzi, mothinana, ndipo thumbalo lisanduka copukutira mapazi ca pakhomo, conga zija zigulitsidwa m'mbali mwa miseu ya m'mizinda. Tinyenyeswa totsiriza tidzaza mtsamiro, kapena cofufutira pa bolodi la m'kalasi.

Thukuta la m'nsalu

Pali cifukwa cina cimene munthu ayenera kulemekezera nsalu. Ana a ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi adziwa bwino kubvuta kwa ulimi wa thonje. Libzalidwa ndi mvula yoyamba, lipaliridwa kangapo, lipoperedwa mankhwala, ndipo m'miyezi ya May ndi June banja lonse liwerama m'munda kulitola ndi manja. Licoka apo kupita ku makina ocotsa njere, kenaka kwa opota ulusi, kwa oomba, kwa onika utoto, ndi kwa osoka. Akatswiri awerengera kuti kulima ndi kukonza thonje la sikipa imodzi kutha madzi okwana ngati malita 2,700, ndiwo oposa madiramu 13 a malita 200. Wotaya sikipa cifukwa ca kabowo kamodzi ataya nchito ya manja onsewa.

Ndiponso nsalu yotayidwa siicoka m'dziko. Thonje liola, koma poliyesitala ikhala m'nthaka zaka zambirimbiri. Ikaponyedwa m'ngalande itseka njira ya madzi pamodzi ndi mapulasitiki, ndipo mvula ikagwa madzi onyansa alowa m'nyumba za anthu. Ikatenthedwa ituruka utsi wakuda wopweteka m'cifuwa.

Zimene otsutsa anena

Ena anena kuti cigamba cionetsa umphawi, ndi kuti mwana wobvala cigamba asekedwa ndi anzace. Nzoona kuti kusekedwa kupweteka. Koma cigamba ndi nsanza nzosiyana. Nsanza zionetsa kuti cobvala ciribe wocisamala. Cigamba coikidwa bwino cionetsa kuti m'nyumbamo muli munthu wa luso ndi wa khama. Kusauka si mlandu. Ca manyazi ndico litsiro, ulesi, ndi kuumiriza makolo kulowa m'ngongole cifukwa ca kunyada. Mwana woseka mnzace wa cigamba angoonetsa kuti sadziwa kumene ndalama za atate wace zicokera.

Ena anena kuti singano nja akazi. Onena cotero akayang'ane pa makonde a masitolo, ndipo adzapeza kuti ambiri mwa atelala okhala pamenepo ndi amuna, amene adyetsa mabanja ao ndi nchito yomweyo. Mnyamata wopita ku sukulu yogonera komweko sapita ndi amace kapena mlongo wace. Batani lace likaduka, alisoka ndani?

Mau acitatu ngolemera kuposa awa. Pali anthu a nzeru amene anena kuti salaula inapha nchito ya nsalu m'Zambia, ndipo kuigula ndiko kuthandiza kuipha. Mafakitale ambiri osoka zobvala a ku Livingstone anatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Fakitale yoomba nsalu ya ku Kafue inagwa, ndipo ya Mulungushi ku Kabwe inaima m'caka ca 2007, anchito ace nabwerera kwao manja ali m'khosi. Dziko la Rwanda, poona zonga zomwezi, linakweza kwambiri msonkho wa zobvala zakale m'caka ca 2016 kuti liteteze mafakitale ace. Mau awa sayenera kunyozedwa, ngakhale panali zifukwa zinanso, monga makina okalamba, ngongole, ndi nsalu zatsopano zochipa zocokera ku Asia.

Koma mlandu wa misonkho ngwa akulu a boma, ndipo mwana wa sukulu sangauthetse poyenda ndi nsanza. Cimene iye angathe ndi ici: kusiyanitsa kugula kuti ataye ndi kugula kuti akonze. Wogula zobvala mulu ndi mulu cifukwa nzochipa, nazitaya posacedwa, alemeretsa amalonda akutali okha. Wogula diresi limodzi lalikulu nalisandutsa masiketi awiri, kapena nalipereka kwa telala wa pamudzi kuti alidule, asunga nchito ndi ndalama m'dziko lace. Ndiponso mafakitale akafuna kuuka adzafuna anthu odziwa kudula ndi kusoka. Mtundu umene ana ace aiwala kugwira singano udzawapeza kuti anthu oterowo?

Poyambira pace

M'mera mpoyamba. Luso la manja lilowa bwino munthu akali wamng'ono, ndipo kuliyamba sikulira ndalama. Kalasi iri yonse ingathe kukhala ndi katoni ya tizidutswa pa ngodya. Mwana angathe kupita kwa telala wa pafupi, nagwada kapena kuomba m'manja monga mwa mwambo, nati, "Odi atate, kodi mungandipatseko tizidutswa timene mufuna kutaya? Tifuna kuphunzirira kusoka ku sukulu." Atelala ambiri akondwera kupatsa mwana waulemu zimene akadazitentha. Agogo a m'mudzi, amene anakula nsalu ikali ya mtengo wapatali, adziwa misoko yambiri. Maso ao afooka, koma mdzukulu akawalowetsera ulusi m'singano adzamuonetsa zonse.

Woyamba ayambe ndi zazing'ono: batani, mpendero womasuka, cofufutira pa bolodi. Misoko yace yoyamba idzakhala yokhotakhota, ndipo cala cidzalasidwa kangapo. Palibe telala anabadwa ndi luso. Pambuyo pace adzafika pa cigamba, pa cikwama, ndi pa cofunda. Tsiku limene mwana adzalowa m'kalasi ndi cikwama cimene anasoka yekha ndi mwendo wa buluku wakale, ndipo ndalama imene ikadagula cina ya m'sitolo yagula sopo ndi makope, tsiku limenelo iye wayamba kale kuthandiza kusunga banja la kwao.

Mafunso

1. Kodi liu lakuti salaula licokera ku cinenero citi, ndipo litanthauzanji?
2. Kodi nyanda inapangidwa bwanji?
3. Ncifukwa ninji cigamba ciyenera kucapidwa cisanaikidwe pa cobvala cakale?
4. Kodi cofunda ca mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi cifuna tizidutswa tingati ta masentimita 12?
5. Kodi cigamba ndi nsanza zisiyana bwanji?